Kusankha Mahedifoni Opanda Chingwe: Malangizo kwa Mabanja a Kuchipata cha Mchinji

Mahedifoni opanda chingwe n'chiyani

Mahedifoni opanda chingwe, amene ambiri amangowatchula kuti mahediseti a Bluetooth, ndi zipangizo zovala m'makutu zimene zimalandira mawu kuchokera ku foni popanda waya wozilumikiza. M'kati mwake mumakhala zinthu zinayi: kasipika, maikolofoni, kabatire ndi kachipangizo kolankhulana ndi foni. Luso lolumikizirali linayambira ku kampani ya Ericsson ya ku Sweden mu 1994, ndipo dzina lakuti Bluetooth linatengedwa kwa Harald Bluetooth, mfumu ya ku Denmark ya zaka za m'ma 900.

Bluetooth imagwira pamtunda waufupi, mamita pafupifupi 10 pamalo opanda chotchinga. Khoma la njerwa, chitseko chachitsulo ngakhalenso thupi la munthu zimafupikitsa mtundawu. N'chifukwa chake mawu amadukaduka foni ikasiyidwa kuchipinda mwiniwake ali kukhitchini.

Bluetooth sidya mayunitsi kapena bandulo. Chodya bandulo ndi nyimbo za pa YouTube kapena kuimbirana pa WhatsApp, osati mahedifoni. Bluetooth sisankhanso netiweki: kaya mufoni muli khadi ya TNM kapena Airtel ya ku Malawi, kaya ya MTN kapena Zamtel ya ku Zambia, mahedifoni amagwira chimodzimodzi. Chimene amadya ndi moto, wawo ndi wa foni womwe.

Chifukwa chake kusankha bwino n'kofunika kuno

Pachipata cha Mchinji, choyang'anana ndi Mwami mbali ya Zambia, foni ndi khasu la anthu ambiri. Mayi wa geni ya mtedza amalandira maoda manja ali m'thumba la mbewu. Wosintha ndalama amafunsa mtengo wa kwacha ya ku Zambia kangapo pa tsiku. Dalaivala wa thiraki amagona pamzere kudikira mapepala a katundu, nyimbo zili zomuchezetsa. Chitsegulire ofesi yophatikiza ntchito za zipata ziwirizi pamalo amodzi mu Disembala 2022, malowa sakusowa phokoso la mainjini, mabelu a magalimoto ndi oitanira. Mahedifoni amene amamveka bwino m'nyumba mwa zii akhoza kukhala opanda ntchito pamalo otere.

Katunduyu amafika kuchokera mbali ziwiri: ku Lilongwe kudzera mumsewu wa M12, ndi ku tauni ya Chipata ya ku Zambia. Wogula amakhala ndi posankha pambiri, koma nawo katundu wabodza amalowa njira zomwezo. Ndipo chinthu chogulidwa tsidya lina n'chovuta kukachibweza, pakuti mtengo wa ulendo ukhoza kuposa wa chinthucho. Choncho lamulo lalikulu ndi lakuti kuyesa konse kuchitike ndalama zisanachoke m'manja.

Mitundu itatu

*Tolowetsa m'khutu, tokhala m'kabokosi.* Ndi timahedifoni tiwiri tosagwirizana, kamodzi khutu lililonse, ndipo timatchajidwa ndi kabokosi kake. Timapepuka, sitionekera patali, ndipo ndito achinyamata amatifuna kwambiri. Tambiri timakhala maola 4 mpaka 6 tisanathe moto, ndipo kabokosi kamatha kutidzaza katatu kapena kanayi. Vuto lake ndi kutayika. Wogulitsa soya akawerama kuti adzaze ndowa, kamodzi kamapulumuka m'khutu n'kumira m'thumba, ndipo kakapita ndi thumbalo basi kapita. Kupeza kamodzi kolowa m'malo mwake n'kovuta, chifukwa kawirikawiri sitigulitsidwa kamodzikamodzi.

*Okoleka m'khosi.* Ali ndi lamba wofewa wozungulira khosi ndi timawaya tiwiri tokwera kumakutu. Akachotsedwa m'khutu amalendewera pachifuwa, sagwa pansi. Batire yake ndi yokulirapo, yambiri imapitirira maola 10, ndipo maikolofoni imakhala pafupi ndi kamwa. Saoneka okongola ngati a m'kabokosi, koma kwa munthu wogwira ntchito ya manja, kumsika kapena kumunda, amenewa ndiwo oyenera kuyamba kuwaganizira.

*Ovala kumutu, ophimba makutu.* Amamveka bwino koposa onse pa nyimbo, ndipo batire imatha kukhala maola 20 kapena kuposa. Ambiri ali ndi pobayira chingwe, moti moto ukatha amagwirabe ntchito ngati mahedifoni wamba. Ena amakhala ndi polowetsa memori khadi. Koma mwezi wa Okutobala amatenthetsa makutu, ndipo amatsekereza phokoso lonse la panja. Ndi a pakhomo, a mwana wasukulu womvera maphunziro, kapena a paulendo wautali wa pabasi.

Palinso kahediseti ka khutu limodzi kopangidwira kuimbirana foni basi. Sikoyenera nyimbo, koma kamasiya khutu lina likumva zochitika.

Batire ndi kutchaja

Kumudzi kumene magetsi a ESCOM sanafike, ngakhalenso paboma masiku amene magetsi akuthimathima, funso loyamba si la kukoma kwa nyimbo ayi, koma la kumene mahedifoniwo azikapezera moto. Banja limene limalipira kale kutchajitsa mafoni awiri kumalo ometera liyenera kudziwa kuti likuonjezera chinthu chachitatu.

Wogula aone izi:

- Pobayira tchaja pakhale pofanana ndi pa foni ya panyumbapo. Mafoni atsopano ambiri ali ndi USB-C, yobulungira mbali zonse. Akale ali ndi micro-USB. Zikafanana, chingwe chimodzi chimakwanira.
- Maola olembedwa pakatoni ayenera kuwerengedwa mosamala. Pakalembedwa "30 hours" pa timahedifoni ta m'kabokosi, kawirikawiri amaphatikiza ndi moto wa m'kabokosimo. Komanso maolawa amayesedwa voliyumu ili pakatikati. Wokweza mpaka kumapeto adzapeza ochepa. Kuimbirana foni kumatha moto msanga kuposa nyimbo.
- Kabokosi koonetsa moto wotsala, ndi manambala kapena timagetsi, kamathandiza kwambiri munthu amene amatchaja mwa apo ndi apo.

Mahedifoni amafuna mphamvu ya mavolti 5, yofanana ndi ya tchaja wamba ya foni. Asalumikizidwe mwachindunji ku sola kapena ku batire ya galimoto ya mavolti 12 popanda kachipangizo kochepetsa mphamvu. Amapsa nthawi yomweyo. Pawa banki ina imazima yokha ikamatchaja timahedifoni ting'onoting'ono, chifukwa timakoka moto wochepa moti imayesa kuti palibe chimene chabayidwa. Zikatero si kuti mahedifoni aonongeka.

Potumiza kabokosi kokatchajitsa, mwini atulutsemo timahedifonito n'kutisunga, ndipo alembe chizindikiro pakabokosipo. Patebulo pamene pali mafoni makumi awiri, timabokosi toyera timafanana tonse.

Batire ya mahedifoni imadana ndi kutentha. Kuyisiya padashibodi ya galimoto, pawindo, kapena pafupi ndi mbaula kumaifupikitsa moyo. Ngakhale yosamalidwa bwino imayamba kufooka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo m'timahedifoni ting'onoting'ono batireyo siisinthika. Wogula adziwiretu kuti akugula chinthu chokhala ndi malire, osati cholowa cha ana.

Mahedifoni oimbira foni

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Pogula amamvera nyimbo, besi ikagunda amalipira, kenaka madzulo achibale amadandaula kuti, "Simukumveka, mukukhala ngati muli m'chitsime." Sipika imathandiza mwini wake, maikolofoni imathandiza amene ali mbali inayo. Ziwirizi zimayesedwa padera.

Pamakatoni pamalembedwa mawu awiri achidule ofanana koma osiyana ntchito. ENC imachepetsa phokoso lolowa m'maikolofoni kuti woimbiridwa amve mawu bwino. ANC imachepetsa phokoso la panja kuti wovala amve nyimbo bwino, makamaka phokoso losalekeza ngati la injini ya basi kapena chigayo. Wamalonda amene amakhalira kuyankha foni afunefune ENC. ANC yeniyeni ndi yokwera mtengo ndipo imatha batire. Ikalembedwa pa mahedifoni otchipa kwambiri, kawirikawiri amakhala malemba chabe.

Mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julayi imasokoneza maikolofoni iliyonse. Okoleka m'khosi amapirirako chifukwa maikolofoni imabisala pakolala ya malaya.

Anthu ambiri a m'malire ali ndi mafoni awiri, ina ya nambala ya ku Malawi, ina ya ku Zambia. Mahedifoni wamba amagwira foni imodzi pa nthawi. Ofuna kuyankha onse awiri afunse ngati mahedifoniwo ali ndi multipoint, kapena kuti dual connection, ndipo ayese pomwepo ndi mafoni onse awiri. Amene makhadi awiri ali m'foni imodzi safunika zimenezi.

Mahedifoni omvera nyimbo

Besi yambiri si umboni wakuti mahedifoni ndi abwino. Abwino amalekanitsa zida: mawu a woimba amamveka paokha, gitala payekha, ng'oma pazokha. Njira yosavuta ndiyo kuyesa ndi nyimbo ya kwaya imene woyesayo amaidziwa bwino, kumvetsera ngati mawu a amayi ndi a abambo akusiyana, kenaka nyimbo ya ng'oma zamphamvu, kumvetsera ngati sipika ikunjenjemera.

Nambala ya Bluetooth, monga 5.0 imene inatuluka mu 2016, kapena 5.3, imakhudza kwambiri kulimba kwa kulumikizana ndi kadyedwe ka batire, osati kukoma kwa nyimbo. Mahedifoni atsopano amagwira ndi foni yakale popanda vuto, ngakhale ya mabatani, bola ikhale ndi Bluetooth yotumiza nyimbo. Mayina ngati SBC, AAC ndi aptX ndi njira zotumizira mawu. Nyimbo yolandiridwa pa WhatsApp kapena yoikitsa pamemori khadi kwa anyamata obena nyimbo singasinthe kwenikweni chifukwa cha zimenezi, choncho si zoonjezerera ndalama.

Chosintha kwambiri kamvekedwe ndi timalabala tapansonga. Timabwera tamisinkhu itatu. Kalabala kakachepa, besi imathawa ndipo kahedifoni kamagwa. Kakakula, khutu limawawa pakangotha theka la ola.

Mvula, thukuta ndi fumbi

Chizindikiro cha IPX4 chimatanthauza kuti mahedifoni amapirira thukuta ndi madontho a mvula yowaza. IPX7 imatanthauza kuti akhoza kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Opanda chizindikiro chilichonse asakhulupiriridwe pamvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo. Kawirikawiri chizindikirochi chimanena za timahedifonito, osati kabokosi kake.

Fumbi la m'chilimwe limadzaza pa timizere tachitsulo totchajira, ndipo kahedifoni kamodzi kamaleka kulandira moto. Ambiri amataya mahedifoni abwinobwino pa vuto limeneli, lomwe limatha ndi kansalu kouma kapena mswachi wakale.

Enieni ndi abodza

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Katoni yowala ndi dzina lotchuka si umboni. Mayina odziwika monga JBL, Sony, Samsung ndi AirPods za Apple ndiwo amene akuba amakonda kuwatsanzira. AirPods zenizeni zimadula kuposa mafoni ambiri amene anthu ali nawo m'matumba. Zogulitsidwa pamtengo wa nkhuku si zenizeni, ngakhale wogulitsa atalumbira motani. Oraimo, yomwe ndi ya kampani ya Transsion yopanganso mafoni a Tecno, itel ndi Infinix, imapezeka kwambiri m'dera lino, ndipo nayonso ili ndi oitsanzira.

Zizindikiro za katundu wabodza ndi izi: zilembo zolakwika kapena zofufutika pakatoni, chivindikiro chogwedera, kupepuka kopitirira muyeso, dzina looneka pafoni losiyana ndi la pakatoni, ndi wogulitsa wokana kutsegula kapena kupereka lisiti. Makampani ena amaika kachikwangwani kokanda kokhala ndi nambala yotsimikizira pa intaneti. Kakakhalapo kagwiritsidwe ntchito.

Mahedifoni otchipa a dzina losadziwika, ogulitsidwa pamtengo wake woyenera, si chinyengo. Chinyengo ndi kulipira mtengo wa enieni pa chinthu chongovekedwa dzina. Mitengo payokha sikhazikika, makamaka chichepetsere mphamvu ya kwacha ya ku Malawi ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho wogula afunse m'masitolo atatu asanatulutse ndalama. Safunsa anadya phula.

Kuyesa asanalipire

Wogula apite ndi foni yake yomwe, ili ndi moto, mayunitsi pang'ono ndi nyimbo ziwiri zimene amazidziwa. Kenaka achite izi motsatana:

1. Apemphe kuti katoni itsegulidwe iye akuona, ndipo aone ngati muli chingwe chotchajira ndi timalabala tapadera.
2. Ayatse Bluetooth pafoni, ayatse mahedifoni, asankhe dzina lake likaonekera. Zikatenga nthawi yaitali kapena kulephera kawiri, asankhe ena.
3. Aseweretse nyimbo, amvetsere khutu lamanja palokha ndi lamanzere palokha. Mphamvu ya mawu ikhale yofanana.
4. Atsitse voliyumu mpaka pansi. Ngati mukumveka kaphokoso ngati ka wailesi yosagwira siteshoni, amenewo ndi osalongosoka.
5. Atuluke panja pamene pali phokoso, aimbire mbale wake, amufunse ngati akumva bwino. Sitepe imeneyi isadumphidwe.
6. Asiye foni ndi mnzake, ayende mapazi khumi, aone ngati nyimbo ikudukaduka.
7. Apukuse mutu, awerame ngati akutola chinthu, atafune. Mahedifoni asagwe.
8. Aonere kavidiyo kakafupi, aone ngati milomo ya wolankhula ikugwirizana ndi mawu.
9. Abaye tchaja, aone ngati kagetsi kayaka. A m'kabokosi abwezeredwe m'malo mwake, aone ngati onse awiri ayamba kutchaja.
10. Afunse masiku amene angabweze chinthucho chikavuta, ndipo masikuwo alembedwe palisiti pamodzi ndi dzina la sitolo ndi tsiku.

Batire siingayesedwe m'mphindi khumi za m'sitolo. Tsiku loyamba mwini atchaje mpaka kudzaza, agwiritse ntchito mpaka moto kutha, awerenge maola. Akapereweratu kutali ndi zolembedwa, abweze masiku ogwirizana asanathe.

Pogula ku Chipata

Mtengo wa m'kwacha ya ku Zambia usinthidwe kaye m'kwacha ya ku Malawi pamtengo wa tsikulo, ndipo paonjezeredwe ya mayendedwe, ndipo pokhapo uyerekezedwe ndi wa paboma kapena wa ku Lilongwe. Lisiti lisungidwe, pakuti ndilo limene a MRA amaona katundu akamalowa. Amene akupikula ambiri kuti adzagulitse awaonetse pachipata. Ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono imakhudza katundu wopangidwa m'maiko a bungweli amene ali pamndandanda wogwirizana. Mahedifoni ambiri amapangidwa ku Asia, choncho wamalonda afunse kaye za msonkho asanapikule.

Wogula m'Malawi muno amene wagulitsidwa katundu wabodza ndipo wogulitsa akukana kumva, akhoza kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Popanda lisiti dandaulo limavuta kulitsata.

Wailesi ya m'foni

Mfundo iyi ambiri amaizindikira atataya kale mahediseti akale. Mafoni ambiri amagwiritsa ntchito chingwe cha mahediseti ngati eriyo ya wailesi ya FM. Mahedifoni a Bluetooth sangagwire ntchito imeneyo. Amene amamvera Mudziwathu, Zodiak kapena MBC pafoni asunge a chingwe aja. Mafoni ena a mabatani ali ndi eriyo yam'kati, koma si onse amene amatumiza mawu a wailesi ku Bluetooth. Wokonda wailesi ayese zimenezi asanagule. A chingwe amathandizanso tsiku limene enawa atha moto.

Kuteteza makutu

Khutu likaonongeka ndi phokoso silichira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo cha kugontha chifukwa cha kamvetseredwe kosayenera. Muyeso wake ndi wakuti munthu wamkulu asapitirire madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo mwana madesibelo 75. Phokoso likakwera, nthawi imatsika mofulumira: pa madesibelo 90 ndi maola 4 okha pa sabata.

Pakhomo palibe choyezera madesibelo, koma njira izi zimakwanira:

- Voliyumu isapitirire magawo 6 mwa magawo 10. Foni ikachenjeza kuti mawu akwera, chenjezolo limveredwe.
- Ngati munthu woima pafupi akumva nyimbo ya m'mahedifoni a mnzake, kapena wovalayo sakumva womulankhula ali pamtunda wa mkono umodzi, voliyumu yakwera.
- Makutu apumitsidwe pakatha ola lililonse.
- Munthu asagone nawo usiku wonse.

Kulira kwa m'makutu kosaleka, kumva ngati makutu atsekeka, kapena kupempha anthu kubwereza mawu pafupipafupi ndi zizindikiro zofunika kupita nazo kuchipatala. Poyambira ndi chipatala chapafupi kapena chachikulu cha boma la Mchinji. Ku Lilongwe, pa African Bible College, kuli chipatala choyeza makutu.

Kubwerekana timahedifoni tolowetsa m'khutu kumafalitsa matenda. Pakhomo pamene agwiritsa ntchito ambiri, aliyense akhale ndi timalabala take, kapena tipukutidwe ndi sipiriti pang'ono. Amene khutu likutuluka mafinya asalowetse chilichonse mpaka atachira.

Pamsewu

Msewu wochoka paboma kupita kuchipata ndi wa mathiraki olemera amene saima msanga. Wakabaza, kaya wa njinga yakapalasa kaya yamoto, amadalira makutu kudziwa chimene chikubwera kumbuyo. Kutseka makutu onse awiri ndi nyimbo ali pachiwongolero ndi kuika moyo wake ndi wa wokwera pachiswe. Foni ikaitana, aime pambali ndipo ayankhe ataima. Woyenda pansi m'mphepete mwa msewu achotse khutu limodzi ndipo azimitse ANC. Makolo aphunzitse ana zomwezi popita ndi pochokera kusukulu.

Zolakwa zofala ndi kukonza kwake

- *Kahedifoni kamodzi kasiya kulankhula.* Tonse tiwiri tibwezeredwe m'kabokosi, dzina lake lifufutidwe pamndandanda wa Bluetooth wa pafoni, kenaka alumikize mwatsopano. Timizere totchajira tipukutidwe.
- *Mawu atsika mbali imodzi.* Kawirikawiri ndi litsiro la m'khutu limene latseka kasefa. Lichotsedwe ndi mswachi wouma, osati singano.
- *Foni ikuitana koma sikumveka.* Mwina ikadali yolumikizana ndi mahedifoni amene ali m'chikwama. Bluetooth izimitsidwe ikakhala kuti sikugwira ntchito.
- *Mahedifoni akana kulumikizana ndi foni yatsopano.* Akugwirabe foni yakale imene ili pafupi. Bluetooth ya foni yakaleyo iyambe yazimitsidwa.
- *Anyowa.* Asatchajidwe ndipo asayanikidwe pamoto. Apukutidwe, asiyidwe pamthunzi podutsa mphepo kwa tsiku limodzi kapena awiri.
- *Kuwasunga miyezi opanda moto.* Batire yosiyidwa itatheratu imatha kufa osadzukanso. Osagwiritsidwa ntchito azitchajidwako kamodzi pamwezi.

Timahedifoni ndi timalabala take n'tating'ono moti mwana wokwawa akhoza kumeza, tisungidwe pamwamba. Kabokosi kakatupa, kutentha kwambiri potchaja kapena kununkha ngati pulasitiki yopsa, kachotsedwe pamagetsi msanga ndipo kasagwiritsidwenso ntchito. Mahedifoni akufa asaponyedwe pamoto kapena padzala limene limatenthedwa, chifukwa batire yake imaphulika ikapsa. Aikidwe m'chitini chouma, kutali ndi ana, ndipo akaperekedwe kwa okonza mafoni.